Mtsikana Amene Ankasoka Malembo

Sitandade 2 sindinachite kuisankha. Pasukulu yathu, kuseri kwa Chisemphere, kalasi imeneyi ankapatsa mphunzitsi wofika kumene, asanadziwe kukana. Ine ndinafika kumene, anandipatsa, ndipo ndinakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa pambuyo panga sipanabwerenso wina woti ndimutulire mtolowo. Ana anali opitirira zana, okhala pa simenti yokumbikakumbika mpaka ena pakhomo penipeni. Kuti ndikafike kwa mwana wa kumbuyo ndinkachita kudumpha miyendo, ndipo tsiku lililonse ndinkaponda chala cha munthu.

Kumaphunziro amene tinkaitanidwa kuzoni, alangizi ankatiuza zinthu zomveka bwino. Yambani ndi liwu, kenako muwaonetse lembo, kenako aphatikize malembo awiri kuti patuluke phatikizo, kenako mawu. Mwana aliyense aziloza ndi chala m'buku lake. Ankati buku lake nkhope ili gwa, osachita ndi manyazi omwe. Kwathu buku limodzi linkazunguliridwa ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo ankaliona chadodolido chaka chonse. Tikaweruka mabukuwo ankabwerera muofesi, ahedi n'kukhoma loko. Poyamba ndinkawanena ahediwo kuti ndi ouma mtima, koma nditabwereka mwana wina buku Lachisanu, Lolemba linabwera litathothoka pakati ponse. Pepala la buku la Chichewa ndi lofewa bwino popichirira chingambwe, ndipo amalume ake a mwanayo anazindikira zimenezi ine ndisanazindikire. Kuyambira pamenepo nanenso ndinkathandiza kukhoma.

Choncho ndinkadalira makadi. Bambo wina wachisilamu wa golosale pa Chisemphere ankandisungira makatoni a sopo kuseri kwa kauntala, ndipo ndikapita ankandiseka kuti ndine kasitomala yekhayo amene amasiya sopo n'kunyamula katoni. Ndinkawadula tizidutswa tokwana m'dzanja la mwana, n'kulemba lembo limodzi pa kadi iliyonse. Maka ikauma ndinkalemba ndi makala a m'mabatire akutha osakaniza ndi madzi a kholowa, omwe aja tinkadetsera bolodi. Makadiwo sankakhalitsa. Ena ankapita ndi mphepo, ena ndi chiswe, ena ndi mbuzi zimene zinkalowa m'kalasi tikangotembenuka, ndipo lembo a, poti limafunika pena paliponse, ndinkalilemba mwatsopano pafupifupi sabata iliyonse.

Ndi zipangizo zimenezi ana ena ankadziwa kuwerenga, ambiri ayi. Chaka chikatha tinkawakankhira ku sitandade 3 momwemo, chifukwa kumbuyo kunali kukubwera khamu lina lofuna malo pa simenti yomweyo. Ndinazolowera kusainira ana oti dzina lawo lomwe sangaliloze pabolodi. Munthu umazolowera, ndipo kuzolowera kumeneko ndiye matenda enieni a ntchito yathuyi.

Mtsikana amene ndikufuna kukamba za iye anabwera mu Okutobala, teremu ili pakati. Ana a matenanti amabwera choncho. Makolo awo amachoka kutali kudzalima fodya pamunda wa bwana wina, amamanga tizisakasa taudzu m'mphepete mwa mundawo, ndipo fodya akagulitsidwa amakwera lole kupita kumene kwamveka bwana wabwinoko. Mwana wa tenanti amafika mochedwa, amachoka mayeso asanafike. Ukamulandira umadziwiratu kuti uli naye miyezi yowerengeka, ndipo akachoka asanadziwe kuwerenga, kumene akupitako akayambiranso pa a e i o u, mpaka tsiku limene adzatope n'kusiyiratu.

Uyu anali atayambiranso kale kawiri, m'masukulu awiri osiyana. Anali wa zaka khumi ndi chimodzi kapena kuposerapo, wamtali kuposa onse m'kalasimo, moti anzake ankamutcha agogo. Kwawo kunali cha kumpoto, kumalire ndi Mzimba, ndipo akamalankhula Chitumbuka chinkatulukira apa ndi apo, anzake n'kumusekanso pamenepo. Ankakhala pakona ya kumbuyo atapinda miyendo yake yaitaliyo kuti asaoneke. Nditangomuona ndinadziwa kuti sukulu yathu ndi yomaliza kwa iye. Pa msinkhu umenewo mtsikana sabwereza sitandade 2 kachinayi.

Chodabwitsa n'choti maliwu ankawadziwa. Ndinkakweza kadi n'kumufunsa kuti ikuti chiyani.

"Mmm."

"Nanga iyi?"

"Aaa."

"Tsopano uwaphatikize."

"Mmm. Aaa."

"Pamodzi, ndati."

"Mmm," n'kupuma, n'kundiyang'ana, "aaa."

Pakati pa malembo awiriwo panali dzenje limene sankatha kulidumpha. Ndinayesa kuomba m'manja, ndinayesa nyimbo, ndinayesa kulemba pamchenga panja. Okutobala anatha, Novembala anatha, mvula inagwa, anthu anawokera fodya, iye akadali pa mmm ndi aaa. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amene anagwirapo nane ntchito amadziwa. Tsiku lina ndinamufunsa pamaso pa kalasi yonse ngati m'mutu mwake muli ubongo kapena madeya. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Iye sanalire, anangoweramitsa mutu n'kumakanda simenti ndi chikhadabo. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, koma si choipa chachikulu chimene ndinamuchitira.

Mu Januwale, tsiku lina pa buleki anzake ali pamzere wa phala, ndinamupeza kuseri kwa kalasi pansi pa mtengo wa mango. Anali atatola masamba a mango mulu, ali ndi sipoko ya njinga yosongola kunsonga ndi luzi lalitali. Ankatenga masamba awiri, kuwagundanitsa misana, kubaya chakutsinde, kukokera pa luzi, kutenganso ena awiri. Manja ake ankathamanga moti ndinaima ndi kapu ya tiyi m'manja osamwa. Aliyense wokhala kuno amaidziwa ntchito imeneyi. Ndi mmene amasokera fodya akathyola, kuti akamupachike pa mikangala, timitengo ta m'chigafa choumitsiramo, aume. Koma kusoka kwa liwiro lotere ndinali nditakuona kwa amayi akuluakulu okhaokha.

"Kwanu umasoka fodya?" ndinamufunsa.

Anadzidzimuka, n'kubisa sipokoyo kumbuyo. "Yayi, madamu. Ndikungosewera."

"Nanga unaphunzira kuti?"

"Ndimaonerera amama ndikamalera mwana. Adada amati ndisamagwire fodya, ndine wogona, ndingang'ambe masamba. Amati bola ndizibwera kusukulu kuno ndizidzamwa phala."

Ananena zimenezi mopanda kudandaula, ngati ndi nkhani ya munthu wina.

Nditafika kunyumba ndinatenthetsa msomali pa mbaula n'kuboola makadi anga onse, timabowo tiwiri pamwamba kuti kadi iziyenda pa ulusi itayang'ana kutsogolo. Ulusi ndinamasula ku thumba la feteleza lakale. Mawa lake titaweruka ndinamuuza mtsikanayo kuti atsale, ndi sipoko yake yomwe ija.

"Soka m," ndinatero. Anasoka. "Soka a, koma umusiye patali. Tsopano yamba kunena mmm, usapume, uku ukukoka a mpaka agunde mnzake. Akagunda, tsegula pakamwa."

Anayamba mmm wakeyo, chala chikukankha kadi pa ulusi pang'onopang'ono, mpaka makadi awiriwo anagundana.

"Mmmma."

Anataya ulusi ngati wamuotcha. Anandiyang'ana, kudikira kuti ndimukalipire.

"Bwereza."

"Ma."

"Chotsa a, soka o."

"Mmmo. Mo."

Sindine munthu wolira pamaso pa ana, choncho ndinatuluka panja ngati ndikukathamangitsa mbuzi. Nditabwerera ndinapeza wasoka yekha mi ndi mu, akuzinena chapansipansi.

Sabata yotsatira ndinasonkhanitsa ana khumi ndi asanu otsalira kwambiri kuti azitsala titaweruka, aliyense ndi ulusi wake ndi kasingano ka nsungwi, poti sipoko m'manja mwa ana a zaka zisanu ndi ziwiri ndi kuitana mlandu wa diso. Sikuti onse anatseguka mitu, ayi. Ena ankangokolana ulusi n'kumamenyana. Koma ambiri anasuntha, ndipo mtsikana uja ndiye ankatsogola. Pofika pakati pa Febuluwale ankasoka moto, mutu, luzi, sopo, n'kuwerenga osandiyang'ana. Anachoka pakona paja n'kumakhala chapakati. Anzake ankamutchabe agogo, koma tsopano pomupempha kuti awamasulire ulusi wokolana. Tsiku lina ndinamumva akuseka, ndipo ndinachita kucheuka chifukwa liwulo sindinkalidziwa.

Koma panali patatsala mtunda. Ndikamutsegulira buku, malembo omwe aja ankamusokoneza, chifukwa m'buku sasuntha ndipo ndi ambiri. Ankaika chala pa mawu n'kumachikoka ngati pali ulusi, nthawi zina n'kutulutsa mawuwo, nthawi zambiri ayi. Maphatikizo ovuta monga mpha ndi nkhwa tinali tisanawayambe n'komwe. Ndinaona kuti ndikakhala naye tsiku ndi tsiku mpaka Meyi, adzawoloka kuchoka pa ulusi kupita m'buku, ndipo mwana akawoloka pamenepo palibenso amene angamulande kuwerenga. Vuto linali loti fodya anali atayamba kupsa m'minda. Nyengo yothyola kalasi yanga inkaphwa chaka chilichonse, ana akutengedwa kukathandiza makolo, ndipo ena sankabwereranso.

Ndiye ndinaganiza zoitana bambo ake. Ndinkati akaona ndi maso awo kuti mwana amene amamuti wogona akuwerenga, adzamusiya kuti amalize. Ndisaname, munalinso kudzitama m'maganizo amenewo. Ndinkafuna munthu wamkulu aone chimene ndinatulukira ndi makatoni a sopo. Ahedi sindinawafunse nzeru. Nditamutuma mtsikanayo kuti akaitane bambo akewo, anati, "Adada amatanganidwa, madamu." Mawa lake ananenanso chimodzimodzi. Ine ndi liuma langa ndinalemba kalata n'kuitumiza kwa kapitawo wa pamundapo kuti akawawerengere.

Anabwera Lachinayi titaweruka. Anali bambo wochepa thupi, waulemu kwambiri, wovala majombo odula m'mwamba. Anavula chipewa akadali pabwalo, ndipo nditawapatsa mpando wanga anakhala kunsonga kwenikweni. Anayamba ndi kupepesa, poganiza kuti mwana walakwa.

"Sanalakwe, bambo," ndinatero. "Ndakuitanani kuti mudzaone chinthu chabwino."

Ndinakhuthula makadi pamphasa n'kutchula moto. Mtsikanayo anafufuza makadi mochedwa, anasoka mochedwa, anagwetsa t, anatolanso. Anawerenga ndi mawu oti ndinachita kutchera khutu. Ndinatchula mutu, anachitanso chimodzimodzi, sipoko ikuphonya bowo ngati sanaigwirepo chibadwire. Ndinaganiza kuti ndi manyazi, ndipo ndinapsa mtima.

"Iwe, ukundichititsa manyazi chifukwa chiyani? Dzulo lomweli unkathamanga. Soka mmene umasokera masiku onse. Fulumira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anamvera. Ndinatchula mawu motsatizana, luzi, sopo, mano, galu, ndipo sipoko inkangolowa ndi kutuluka, makadi akufola pa ulusi motalikirana bwino, pakamwa pakutchula. Bambo aja anasendera kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kugwa pampando.

"Abwerezeko," anatero.

Ndinasangalala. Ndinamuuza kuti abwereze, ndipo anabwereza. Atamaliza, bambowo anatambasula dzanja n'kutenga ulusi uja. Malembo sanawayang'ane. Anayeza ndi chala chachikulu mpata wa pakati pa mawu ndi mawu, kenako anakoka mfundo ya kumapeto kuti aone ngati ingamasuke.

"Mfundo iyi wamanga ndiwe?" anafunsa mwana wawo.

"Enya, adada."

"Mwaonatu," ndinalowerera ine. "Mwana wanu si wogona. Mutu ali nawo, manja ali nawo. Chonde musamujombetse nyengo yothyolayi. Mundipatse mpaka Meyi basi."

"Manja ali nawodi," anatero bambowo, akuyang'anabe mfundo ija. "Ife sitinkadziwa. Yewo chomene, asambizgi. Tamva."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu mtima uli m'malo. Ndinali nditakhala kuno zaka zokwanira kudziwa kuti munthu waulemu akati tamva sanati inde, koma tsiku limenelo makutu anga anamva zimene ankafuna. Mtsikanayo anayenda pambuyo pa bambo ake osacheuka.

Lachisanu sanabwere. Lolemba sanabwere. Lachitatu ndinakawauza ahedi, bambo wobadwira konkuno amene anakulira m'zigafa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi n'kupukuta nkhope ndi dzanja.

"Madamu, mundiuzenso bwinobwino. Mwezi wa Febuluwale uno, fodya atapsa m'munda, inu munaitana tenanti kudzamuonetsa kuti mwana wake amatha kusoka?"

"Ndinamuonetsa kuti amatha kuwerenga."

"Inu munkamvera pakamwa, iye ankaona manja. Bambo ameneyo lembo salidziwa ngakhale limodzi, mumati aweruze chiyani? Anaweruza chimene amachidziwa."

Ndinakhala pa benchi ya muofesimo. Apo m'pamene ndinamvetsa kugwetsa kadi kuja, ndi kutanganidwa kwa adada kuja. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi anaona patali kuposa ine, anayesa kudziteteza ndi njira yokhayo imene anali nayo, ine n'kumukalipira kuti afulumire. Zaka zonsezi chimene chinkamusunga pasukulu chinali dzina loti wogona, ndipo ndine amene ndinamuvula dzinalo pamaso pa bambo ake.

Ndinati tikanene kwa akuluakulu oona za ana, poti lamulo limaletsa mwana kugwira ntchito ya fodya. Ahedi anati tingathe ndithu, koma anandiuza zimene anaziona kale kwina. Mwini munda akamva kuti kukubwera anthu, adzathamangitsa banja lonselo tsiku lomwelo kuti iye ayere, fodya wawo n'kutsala m'chigafa mwake. Mwanayo sitidzamuonanso, ndipo adzachoka ndi njala pamwamba. "Sankhani inu," anatero. Sindinasankhe kanthu. Mwina tikanakanena zinthu zikanayenda mwina, sindikudziwa, ndipo kusadziwako kumandidya.

Loweruka masana ndinakwera njinga kupita kumundako, ulusi umodzi wa makadi uli m'chikwama. Njira yake imadutsa pakati pa minda yokhayokha, fodya wofika m'mapewa uku ndi uku, fungo lake lija lomata pakhosi. Panjira ndinakumana ndi ana anga atatu atasenza mitolo ya masamba. Atandizindikira anathawira m'mizere, mitolo ili pamutu, ndipo sindinawaitane.

Chigafa cha banja lija chinali chachitali, chofolera ndi udzu, mbali imodzi itadzaza kale masamba ofota. Pamthunzi pake panali mulu wa fodya wothyola m'mawa womwewo, ndipo mtsikana uja anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, akusoka. Manja ake anali bii ndi utomoni wa fodya mpaka m'zigongono. Mayi ake anali chapafupi atatsamira nsanamira, oyembekezera, mimba ya lero ndi mawa, mapazi otupa, akusoka masamba awiri n'kupumira. Kamwana kamene mtsikanayo ankalera kanali kukwawa m'fumbi. Atandiona, mtsikanayo sanaimitse singano.

Bambo ake anatsika pamene ankapachika mikangala, anandilonjera mwaulemu wonse, anagubuduza chigubu kuti ndikhalepo. Panjira ndinali nditakonza mawu ofatsa, koma onse anathawa.

"Bambo, munandinamiza. Munati mwamva."

"Tinamvadi, asambizgi."

"Nanga mwana akutani pano? Mukudziwa kuti lamulo silikulola?"

"Tikudziwa. Anabwera ena chaka chatha, anationetsa ndi zithunzi zomwe." Analoza mulu uja. "Koma tsamba likapsa silidikira. Lothyola lero lisokedwe lero, likagona pamulu limatentha n'kuda, bwana salandira. Amayi ake ndi awo mukuwaonawo. Ine ndikathyole, ndisenze, ndipachike, ndisokenso? Chaka chatha tinataya fodya wambiri chifukwa chosowa manja, chonsecho manja tili nawo m'nyumba momwemo osadziwa. Inu mwatithandiza."

Mwatithandiza ameneyo anachokera pansi pa mtima, munalibe chipongwe, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

"Miyezi itatu yokha, bambo. Akadziwa kuwerenga chidzakhala chake moyo wake wonse."

"Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Sukulu tayesa zaka zitatu. Tikatha kuthyola abwera."

Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa, kuti kuthyola kukatha kumabwera kusankha, kusankha kukatha kumabwera kudinda mabelo, kenako lole. Ndinapempha kuti azibwera ola limodzi lokha masana. Anati masana ndi pamene mulu umakhala waukulu. Ndinati ndiye ndizibwera ine Loweruka lililonse. Anati ndine wolandiridwa nthawi zonse, koma singano siingaime.

Ndinatulutsa ulusi wanga n'kugwada pafupi ndi mtsikanayo. Panali mawu amodzi okha, moto, amene anali atawawerenga kambirimbiri.

"Tawerenga apa."

Anayang'ana makadiwo, anayang'ana bambo ake, anabweza maso pa fodya.

"Ndaiwala, madamu."

Panali patangopita masiku asanu ndi anayi. Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwaladi, kapena ankafuna kuti ndichoke ndisanamubweretsere tsoka lina, kapena anali atandikwiyira. Pa zonsezi palibe chimene ndingamudzudzule nacho.

Ndinati ndimusiyire ulusiwo kuti aziyeserera akapeza mpata, ndipo ndinaupachika pa nsanamira. Bambo ake anafulumira kuuchotsa, anaukulunga bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Pepani, asambizgi, uwu usatsale pano. Ndi ulusi wa thumba. Kachidutswa kake kakangolowa m'belo, kumsika amabweza belo lonse."

Zinali zoona. Ndinasolola makadi anayiwo pa ulusi n'kuwasiya pa chigubu. Pamene ndinkakwera njinga ndinaona kamwana kokwawa kaja katatenga imodzi, kakuitafuna.

Sanabwerenso kusukulu. Ndinkaitanabe dzina lake m'kaundula m'mawa uliwonse, ana n'kumayankha pamodzi kuti kulibe, mpaka ahedi anandiuza kuti ndileke. Ndinapitako kawiri Loweruka monga ndinanenera. Ulendo woyamba ndinamupeza akusoka, wachiwiri akusankha fodya wouma m'chisakasa, akutsokomola ndi fumbi lake. Maulendo onse awiri anandilonjera atagwada, ngati mlendo wa makolo ake, ndipo makadi amene ndinanyamula sanatuluke m'chikwama. Pambuyo pake ndinayamba kupeza zifukwa. Njinga yaphulika, zochapa zachuluka, mutu ukuwawa. Zoona zake n'zoti ndinkaopa nkhope yake.

Ulendo wachitatu unali wa kumayambiriro kwa Julaye. Ndinapeza zisakasa zopanda zitseko, chigafa chopanda kanthu, mbuzi zikugona m'menemo. Mayi wina woyandikana nawo anati lole inawatenga Lachiwiri, koma sankadziwa ngati analowera ku Mchinji kapena kwawo. Anaonjeza, pofuna kundisangalatsa, kuti mwana wanga wasukulu uja watchuka chaka chino, moti mabwana awiri ankalimbirana banjalo chifukwa cha iye. Ndinathokoza, ndinakankha njinga mpaka kunyumba osakwera.

Mtsikana ameneyo buku sanaliwerengepo. Anafika pa moto, mutu, sopo ndi galu, pa makatoni, n'kuthera pomwepo. Ndikawerengera zaka, pano ayenera kuti ali pabanja, ndipo ndikutsimikiza kuti sanalowenso m'kalasi ina. Ndaphunzitsa ana ambiri amene anachoka osadziwa kuwerenga, ndipo pa onsewo ndimatha kuloza boma, umphawi, kuchuluka kwa ana, kuchepa kwa mabuku. Pa uyu yekha ndilibe poloza.

Kusoka malembo sindinasiye, chifukwa kumathandiza. Alangizi atabwera anakuyamikira, anajambula ndi foni, anandiitana kuzoni kuti ndikaonetse aphunzitsi anzanga. Ndinawaonetsa kuboola makadi ndi kukoka mmm mpaka agunde a, anandiombera m'manja. Pomaliza ndinawauza kuti asamaitane makolo kudzaonerera. Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, ndipo ine ndinalibe mphamvu yofotokoza.

Chaka chotsatira, mu Januwale, kamtsikana kena ka tenanti, ka zaka zisanu ndi zinayi, kanakoka u mpaka kugunda t n'kutchula mutu koyamba. Kanaimirira ulusi uli m'manja, mano onse ali pamtunda.

"Madamu, mundibwereke ulusiwu ndikawaonetse amama."

Ndinaulanda msanga kuposa mmene ndinkafunira n'kuuponya m'katoni. Ndinagwada kuti maso athu alingane, n'kukauza kuti kusoka malembo ndi kwa m'kalasi muno mokha, kwawo kasakanene, ndipo akakafunsa za sukulu kaziti zikukavuta. Ndinali wokonzeka kufotokoza chifukwa chake, ngakhale sindinkadziwa kuti mphunzitsi amayambira pati pouza mwana kuti azidzionetsa wogona kwa makolo ake. Sipanafunike. Kanangogwedeza mutu msanga osafunsa kanthu, n'kupita kukatenga tsache chifukwa linali tsiku lake losesa.